Sitima, basi kapena grand taxi: mungayende bwanji ku Morocco?

Sitima za ONCF, kampani ya njanji ya boma, zimalumikiza mizinda ya Tangier, Rabat, Casablanca, Fes ndi Marrakech. Basi za CTM ndi Supratours zimafika kumene njanji sinafike, monga ku Essaouira ndi Agadir. Grand taxi ndi galimoto yonyamula anthu asanu ndi mmodzi, ndipo aliyense amalipira mpando wake.

Liwiro
Sitima ya Al Boraq, yomwe idayamba mu 2018, imathamanga mpaka makilomita 320 pa ola. Kuchoka ku Tangier kukafika ku Casablanca ndi maola awiri ndi mphindi pang'ono.
Basi: pafupifupi maola atatu kuchoka ku Marrakech kupita ku Essaouira.
Taxi: siinyamuka mpaka itadzaza.

Mtengo
Sitima: tikiti ya Al Boraq imatsika mukagula msanga.
Basi: mtengo ndi wokhazikika, koma katundu wamkulu amalipiridwa padera.
Taxi: apa mpofunika kusamala. Funsani okwera anzanu kuti mpando ndi madirham (ndalama za ku Morocco) angati musanakwere, apo ayi mungapezeke mwalipirira galimoto yonse. Mukafuna kukhala momasuka, gulani mipando iwiri; izi n'zololedwa ndithu.

Amene ali ndi masiku ochepa komanso masutikesi olemera akwere sitima. Wopita kunyanja ku Essaouira kapena kumapiri ku Chefchaouen agule tikiti ya basi kudakali tsiku limodzi, chifukwa mipando imatha msanga. Ine mtima wanga uli pa taxi pamaulendo aafupi, monga kuchoka ku Meknes kupita ku Moulay Idriss: mumakhala phewa ndi phewa ndi eni dziko, ndipo macheza amayamba okha.