Saluni Yoboola Makutu ku Ulongwe: Tsitsi Amaluka Bwino, Koma Kumtunda kwa Khutu Asiye

Pafupi ndi msika wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, pali saluni imene atsikana a kusekondale amaikonda kwambiri. Pa nkhani ya tsitsi palibe chimene ndingadandaule, chifukwa amayi a pasaluniyi amaluka mwaluso, matawulo amachapa, ndipo aliyense amamulandira mwaulemu. Ntchito imene ndikuiunika pano ndi ina, imene anaiyamba posachedwapa, yoboola makutu kumtunda pakafupa kofewa, pamene achinyamata akufuna kuvalapo ndolo ziwiri kapena zitatu monga amaonera pa TikTok. Mtengo wake ndi wotsika moti mwana wasukulu amaukwanitsa ndi ndalama za mandazi, ndipo pamenepo m'pamene pali vuto loyamba.

Mwana wa akulu anga, wazaka 15, anapitako ndi anzake ali mu yunifomu, nabooledwa popanda womufunsa zaka zake kapena ngati makolo avomereza. Khutu litayamba kumuvuta, ndinapita kukaona mmene ntchitoyi imagwiridwira, ndipo amayiwo sanandibisire kalikonse. Anatulutsa m'dirowa ya zipeso ndi malezala kamfuti kapulasitiki kokhala ndi sipuling'i, nakapopera mankhwala opha tizilombo a m'kabotolo kamene amangothiramo madzi a pampopi mankhwalawo akamachepa, kenako anakapukuta ndi thonje, manja ali opanda magolovesi. Kamfuti kotere sikadula monga imachitira singano yakuthwa, koma kamakankha ndolo yobuntha ndi mphamvu mpaka itatulukira kuseri. Sikangaikidwenso m'makina a nthunzi yotentha amene zipatala zimaphera tizilombo pa zipangizo, popeza pulasitiki ingasungunuke, pomwe kupukuta sikufika m'timipata momwe magazi a munthu woyamba angatsalire. Kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamakhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku 7 kapena kupitirira apo.

Amayiwo anadabwa ndi nkhawa yanga, nati: "Koma amayi, agogo athu ankatiboola ndi munga n'kusiyamo kachitsotso, ndipo palibe anaduka khutu." Zimenezi n'zoona ndithu, kungoti agogo ankaboola kunsi, pamnofu pamene pali mitsempha yambiri ya magazi, ndipo bala la pamenepo limapola m'milungu 6 mpaka 8. Kafupa ka kumtunda kalibe mitsempha yakeyake. Chakudya kamalandira kuchokera ku kachikopa kopyapyala kamene kanakakuta, n'chifukwa chake bala lake limatenga miyezi yambiri, nthawi zina chaka chathunthu. Tizilombo tikalowa, mafinya amaunjikana pakati pa kafupako ndi kachikopa kaja n'kuzilekanitsa, kafupako kamafa ndi njala, ndipo khutu limakwinyika osabwereranso mwakale ngakhale chilonda chitapola.

Kachilombo kamene kamachita zimenezi kawirikawiri ndi Pseudomonas aeruginosa, kokonda malo achinyontho. Mu 2000, ku Oregon m'dziko la America, achinyamata 7 a zaka za pakati pa 10 ndi 19 anapezeka nako atabooledwa kumtunda kwa khutu pa kasitolo kamodzi kogulitsa ndolo, onse ndi kamfuti ka sipuling'i. Ofufuza anakapeza m'botolo la mankhwala opukutira komanso m'sinki ya pamalopo. Anayi anagonekedwa m'chipatala, ena makutu awo anapunduka, ndipo ambiri anayamba apatsidwa mankhwala osagwirizana ndi kachilomboka. Mfundo yomalizayi ikutikhudza kwambiri ife kuno, kumene munthu akaona mafinya amathamangira kukagula amoxicillin, amene sapha Pseudomonas. Madokotala amasankha ena, monga ciprofloxacin, atayamba aliona khutulo.

Mabuku amati khutu limafiira, koma pakhungu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Chimene tinaona pa mtsikanayu n'chakuti kumtunda kunatupa n'kumanyezimira, kunkatentha ukagwira, ndipo ululu unkamulepheretsa kugona, pomwe kunsi kwa khutu lomwelo kunali bwinobwino. Kutupa kosiya kunsi kotereku ndi chizindikiro chakuti vuto lili pakafupa, ndipo sikudikira kuti kuche kawiri. Kuchipatala anachotsa ndoloyo n'kumupatsa mankhwala mafinya asanaunjikane. Akanachedwa, pakanafunika kung'amba ndi kufinya, mwinanso kutumizidwa kuchipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete, ulendo wa maola angapo pa chapa.

Malangizo amene saluniyi imapereka ndiwo anandikhumudwitsa koposa. Atsikana amauzidwa kuti azipotokola ndolo m'mawa ndi madzulo kuti isamatirire, komanso azipaka sipiriti. Kupotokola kumang'amba khungu lanthete limene likumera m'kabowoko n'kulowetsamo dothi la m'zala, ndipo sipiriti amaumitsa bala n'kulichedwetsa kupola. Chofunika n'kusamba m'manja ndi sopo, kutsuka mbali zonse ziwiri kawiri patsiku ndi madzi amchere a m'botolo olembedwa kuti soro fisiológico, amene amapezeka m'masitolo a mankhwala, n'kuumitsa ndi kansalu ka bandeji koyera, basi. Vaselini, phulusa ndi mankhwala otsukira mano asayandikire pabalapo. Mwana asagonere mbali imeneyo, ndipo nsalu ya pilo izichapidwa pafupipafupi.

Pali zina zimene mwini saluni anayenera kukhala woyamba kuzidziwa, chifukwa zili m'manja mwake momwe. Mankhwala owongolera tsitsi, mafuta opopera ndi malukidwe okoka amene amadutsa pamwamba pa khutu amalisautsa bala limeneli, komabe mtsikana amabooledwa ndi kulukidwa pampando umodzi tsiku limodzi. Duku lothina limalipanikiza, chimodzimodzi chipewa chaubweya chimene ana athu savula m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi kuno kumapiri, chipewa cha panjinga yamoto, mahedifoni ndi foni yokanikiza kukhutu. Kwa a ku Moatize ndi ku Tete, kumene dzuwa la Okutobala limathamangitsira ana ku Revúbuè ndi ku Zambezi, kusambira kumtsinje kapena padamu kudikire kufikira bala litapoleratu.

Funso limene sindinalimve likufunsidwa ndi la zipsera zotukuka, zimene madokotala amati keloid. Zimapezeka kwambiri mwa anthu akuda, makamaka a zaka za pakati pa 10 ndi 30, zimayenda m'magazi a kubanja, ndipo zikadulidwa popanda chithandizo china zimakonda kumeranso, nthawi zina zazikulu kuposa poyamba. Woboola wosamala akanayamba wafunsa ngati mayi, azakhali kapena mchemwali wa mtsikanayo ali ndi chotupa cholimba kukhutu kapena pachifuwa, ndipo akamva kuti alipo, akanamubweza. Ndolo zimene amaika poboola nazonso ndi za pamulu, zosadziwika chitsulo chake, pomwe zotsika mtengo zambiri zimakhala ndi nickel amene amayabwitsa ndi kutulutsa timatuza. Ndolo yoyamba imayenera kukhala ya titanium kapena golide weniweni, yokhala ndi kamtengo kotalikirapo kuti khutu likatupa isamire mumnofu.

Ndinawafotokozera amayiwo zonsezi, ndipo kunena chilungamo anamvetsera modekha, nalonjeza kugula magolovesi ndi kusiya kuthira madzi m'kabotolo kaja. Za kamfuti sanalonjeze, ati singano amaiopa. Tsitsi ndipitiriza kukalukitsa kumeneko, koma kumtunda kwa khutu sindingatumize mwana aliyense kufikira nditaona singano yatsopano ikutsegulidwa m'paketi pamaso pa kasitomala, woboola ataphunzitsidwa ntchitoyi, ndipo wosakwana zaka 18 akubwezedwa kuti akabwere ndi kholo lake.