Mankhwala a "pakafunika" kunyumba ya okalamba ku England

Ndinabwera kuno mu 2022, chaka chimene boma la Britain linatsegula viza ya osamalira okalamba. Ndimagwira ntchito usiku panyumba ina yosungirako agogo. Ambiri akudwala dementia, matenda oiwalaiwala aja amene kwathu timangoti munthu wazungulira mutu, mwinanso n'kumunamizira ufiti.

Abale anga, nkhani imene imandisowetsa mtendere ndi ya PRN. Awa ndi mankhwala amene dokotala amalemba kuti aziperekedwa pokhapokha pakafunika, monga lorazepam wokhazika mtima pansi. Koma pakafunika kwa ndani, wodwalayo kapena ife otopafe?

Tsiku lina gogo wina wamkazi anayamba kukuwa cha m'ma 1 koloko usiku, uku akumenya chitseko ndi ndodo. Tinalipo awiri okha pa anthu oposa 20. Mnzanga anati, "Tingowapatsa lorazepam agone." Ndisaname, nanenso ndinaganiza zomwezo. Koma pepala lawo la PRN limalamula kuti uyambe waona ngati akumva kuwawa, ali ndi ludzu kapena akufuna kuchimbudzi. Nditawagwira pamimba anabuula, mimba ili gwa. M'buku lomwe timalembamo za chimbudzi chawo munaoneka kuti atha masiku anayi osachita chimbudzi, ndipo palibe amene anali atazindikira. Tinawapatsa madzi ndi mankhwala ofewetsa m'mimba omwe dokotala anawalembera kale, ine n'kukhala pambali pa bedi ndikuwasisita dzanja. Itakwana 3 koloko anali m'tulo.

Ukapereka PRN umasaina pa MAR chart, pepala losonyeza mankhwala amene munthu wapatsidwa, n'kulemba nthawi, chifukwa chake, zimene unayesa kaye ndi mmene munthuyo wakhalira pambuyo pake. A CQC, oyendera nyumbazi, amafufuza mapepala amenewa. Poyamba ndinkaona ngati n'chintchito chabe, mpaka nditamva za lipoti la Pulofesa Sube Banerjee la mu 2009. Iye anayerekeza kuti anthu 180,000 odwala dementia ankapatsidwa mankhwala amphamvu a misala, ndipo pafupifupi 1,800 ankafa chaka chilichonse chifukwa cha mankhwalawo. Ngakhale risperidone, amene ndi wololedwa kwa odwala Alzheimer's (mtundu wina wa dementia) akamachita ndewu, malire ake ndi masabata 6.

Kutacha, popatsirana ntchito, ndinafotokozera nesi zonse za gogo uja. Anaimbira GP, dokotala wa gogoyo, ndipo kuyambira sabata imeneyo buku la chimbudzi la gogoyo timaliona tisanatsegule kabati ya mankhwala.