Mbewu ya tomato ya Tengeru 97 kuno ku Bembeke

Kwa amene mukufuna kudzala tomato kuseri kwa nyumba kuno ku Dedza, Tengeru 97 ine ndikuipatsa nyenyezi 4 pa 5. Ndinagula kapaketi kakang'ono komata bwinobwino ku shopu ya zaulimi pa boma, osati ija amapungulira m'timapepala pamsika ija ayi, imeneyo sudziwa kuti wagula chani.

Kumera inamera bwino zedi pa nazale, mipata yochepa chabe, nde mbande zitafika ngati mwezi ndinawokera pa mabedi omwe ndinathiramo manyowa a khola owolerana. Chomwe chinandikopa poyamba nchakuti dothi lathu lakuseri lija limatupitsa mizu, ukazula tomato umapeza mizu yonse timafundo timafundo chifukwa cha tinyongolotsi ta m'nthaka tija, ndiye alangizi anati yesani Tengeru imapirira. Zoonadi nditazula pomaliza mizu inali yoyera bwino. Mbewuyi inachokera ku Tanzania, ku Tengeru kufupi ndi Arusha, inatuluka mu 1997, ndi yakale ndithu koma ikugwirabe ntchito.

Tomato wake ndi wolimba khungu abale. Umathyola atangoyamba kufiira nkumusiya mu lichero pa khonde, masiku angapo akadali gwa osafewa, ena ndinawatumizira achemwali ku Lilongwe pa minibasi mu katoni anafika osaphwanyika olo mmodzi. Mu ndiwo amapanga supu wokhuthala, pa repu kapena usipa sufunika kuthira wambiri.

Koma nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha chiwawu. Kuno kwathu chifunga chimatha kukhala mpaka m'ma 9 koloko masamba ali chinyowere, ndiye Tengeru kumeneko alibe mphamvu, masamba amayamba madontho akuda m'mphepete kenako tsinde, ukachedwa kupopera mankhwala a Dithane bedi yonse yapita. Komanso musamudzale pomwe mwangokumba kachewere kapena pafupi ndi munda wa kachewere, matenda ake ndi amodzi omwewo, ndipo kuno ku Bembeke kachewere ali paliponse nde muganize bwino malo. Pothirira ndi kheni thirani pansi pa tsinde m'mawa, osamusambitsa masamba madzulo. Tuta, kambozi koboola masamba ndi zipatso za tomato, nayenso samusiya, mukaona timizere toyera mkati mwa tsamba thothola msanga nkukwirira.

China ndi mitengo. Amatalika uyu, amafuna muzike mtengo pa phando lililonse nkumamangirira ndi luzi, apo ayi zipatso zikalemera amagwa pansi nkuyamba kuola. Kwa munthu wa kamunda kakang'ono si vuto koma nsungwi zake konzeranitu musanawokere.

Ndidzagulanso, ulendo uno ndikufuna kufesa mu Ogasiti kuzizira kukatha kuti ndidzathyole mvula isanayambe.