Suti ya amalume idakali m'wadiropu

Ndisananyamuke, amalume ananditengera kwa telala wina ku Limbe kuti andisokere suti ya thiripisi. Iwo ankati ku Mangalande munthu sayenda pamsewu wopanda taye. Sindiwaseka ayi. Mngelezi amene iwo anamuona ndi maso awo ndi Kamuzu, yemwe anabwera kumudzi mu 1958 atagwira udokotala zaka zambiri ku London, ndipo mpaka kukalamba sanasiye suti ndi chipewa chake chija cha homburg, ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo.

Abale anga, kuno ku Newcastle suti ija ndaivala kawiri, kutchalitchi ndi pamaliro. Mu sitima ya Metro m'mawa anthu amakhala atavala matrakisuti, majuzi achipewa ndi nsapato zothamangira. Taye ndimamuona kuntchito, kunyumba yosamalirako okalamba. Kuli agogo ena a zaka 91 amene sadya chakudya cham'mawa ndisanawamange taye pakhosi, ndipo ndikakhotetsa mfundo amandibweza.

Ndiye Chingelezi chija chinapita kuti? Chili m'sitolo, chili ndi mtengo.

Kufupi ndi kuno, ku South Shields, ndi kwawo kwa Barbour, majekete opaka phula oti mvula isalowe. Kampaniyi inayamba mu 1894 pogulitsa kwa asodzi, amalinyero ndi anthu a padoko. Lero jekete lomwelo amalionetsa pa zithunzi za anthu olemera akuyenda ndi agalu m'minda yawo, a banja lachifumu amalivala, ndipo latsopano limapitirira £200. Chondiseketsa n'chakuti mwini wake woyamba, John Barbour, sanali Mngelezi, anachokera ku Galloway ku Scotland. Nsalu ya Harris Tweed, imene ambiri amati ndiyo ya njonda yachingelezi, nayonso imalukidwa pamanja kuzilumba za Outer Hebrides ku Scotland komweko, ndipo pali lamulo la 1993 loteteza dzinali. Mukaitchula kuti ndi ya Angelezi pamaso pa munthu wa ku Glasgow, mukonzekere mkangano.

Burberry ndiyo ya ku England yeniyeni. Thomas Burberry anatsegula sitolo ku Basingstoke mu 1856, ndipo chikhothi chake chinatchuka ndi akuluakulu a asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nditapita ku London ndinasuzumira m'sitolo yawo pa Regent Street. Zinenero zimene ndinamva mwa ogula zinali za kutali, alendo ofuna kubwerera kwawo atanyamula ka England m'chikwama. Ine ndinangogwira mkono wa chikhothi, kuona mtengo, n'kutuluka mwaulemu.

Nazo zipewa zazitali zimene mumaona pa TV mu Juni, pa mpikisano wa akavalo wa Royal Ascot, ambiri amachita kubwereka kwa tsiku limodzi, monga timachitira ndi suti za aperekezi paukwati.

Jekete langa la Barbour ndinaligula £35 m'sitolo ya zachifundo, lothetheka pachigongono, likununkhabe galu wa mwini wake. Mayi wogulitsa anandiuza kuti zotsala zosagulidwa zimatengedwa ndi amalonda, kumangidwa m'mabelo, zina n'kupita ku Africa. Ndiye achimwene, jekete lachingelezi mukundivutitsa nalo pa WhatsApp lija, yambani mwavundukula kaunjika wa mumsika wa Limbe Loweruka likubwerali. Muyang'ane kolala yake, imakhala ya kodulo.