Mapiritsi a Maprobiotic Kapena Chakudya: Chothandiza Matumbo N'chiti?

Amalonda akugulitsa mapiritsi a maprobiotic (mabakiteriya amoyo omwe amati ndi othandiza m'matumbo) ponena kuti amachiza "leaky gut", vuto lomwe amati khoma la matumbo limadutsitsa tizilombo ndi poizoni kulowa m'magazi. Kufooka kwa khomali kumaonekadi mwa odwala matenda a m'matumbo otchedwa Crohn ndi celiac, koma madokotala sakutenga ngati matenda apaokha.

Mapiritsiwa ndi okwera mtengo, ndipo mabakiteriya ake kawirikawiri sakhalitsa m'matumbo munthu akasiya kumwa. Amathandiza makamaka pochepetsa kutsekula m'mimba kobwera chifukwa cha maantibayotiki.

Chakudya chimafika patali kuposa pamenepo. Nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo ndi bonongwe zili ndi fiber (mbali ya zomera imene thupi silitha kuigaya palokha) yomwe mabakiteriya a m'matumbo aakulu amaigaya n'kupanga butyrate, yemwe amapatsa mphamvu maselo a khoma la matumbo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2023 kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 25 a fiber patsiku, ndipo ufa woyera, ngakhale timaukonda, sutifikitsa pamenepo chifukwa gaga amachotsedwa pokonola.

Ine ndingasankhe chakudya, komanso kuchepetsa mowa ndi mankhwala monga ibuprofen, omwe amavulaza khomali. Amene akuona magazi m'chimbudzi apite kuchipatala msanga.