Mepps Aglia nambala 2 ndi 3: nyambo yachitsulo ya m'mitsinje yamiyala

Abale athu a kuno kumpoto amene ali pantchito ku Cape Town akamabwera kudzaona kumudzi, ena amanyamulako timapaketi ta nyambo zachitsulo zowedzera nsomba. Mwa nyambo zimenezi, yoyenera kuikambirana mofatsa ndi Mepps Aglia. Ndi nyambo yodalirika kwambiri m'madzi oyenda, oyera komanso osazama. Koma imapota chingwe, imakodwa m'miyala, ndipo m'madzi amatope a nthawi ya dzinja siipha kanthu. Munthu wa mu Mzuzu akaigula asakudziwa zitatuzi, amataya ndalama kenako n'kumainena nyambo kuti ndi yabodza.

Inapangidwa ku France mu 1938 ndi injiniya wina dzina lake André Meulnart, ndipo kapangidwe kake sikanasinthe kwenikweni mpaka lero. Pali kawaya kowongoka, kumutu kwake kuli diso lomangapo chingwe. Pakawayapo pamalendewera kasupuni kachitsulo, kolumikizidwa ndi kachitsulo kena kopindika ngati chilembo cha U. Pansi pake pali mikanda ndi thupi lolemera la mkuwa, ndipo kumchira kuli mbedza ya mano atatu. Mukamakoka chingwe, kasupuni kaja kamazungulira kawayako, n'kumanyezimira komanso kugwedeza madzi. Nsomba yodya zinzake imamva kugwedezekako ndi mzere umene uli m'mbali mwa thupi lake isanaone n'komwe chinthucho. Kasupuni ka Aglia n'kotakata, choncho kamazungulira motalikira ndi kawaya ndipo kamayamba kuzungulira ngakhale mukukoka pang'onopang'ono. Ubwino wake wagona pamenepa. Kuipa kwake kulinso pomwepa, chifukwa kasupuni kotakata kamakankha nyambo kuti ikwere pamwamba, ndiye siitsika m'madziwe akuya.

Nambala ya Aglia imasonyeza kukula kwake. Nambala 2 imalemera pafupifupi magalamu 4.5, nambala 3 pafupifupi 6.5. Nambala 1 ndi yopepuka kwambiri, siiponyeka patali mphepo ikamaomba. Nambala 4 ndi 5 zimagwa m'madzi ndi phokoso limene limabalalitsa nsomba pamtsinje waung'ono. Ngati mukugula imodzi yokha, gulani nambala 3.

Imodzi mwa nsomba zimene nyamboyi imadziwika nazo m'mitsinje ndi smallmouth bass. Kwawo ndi ku North America, ku nyanja zikuluzikulu za Great Lakes ndi mitsinje ngati St. Lawrence, Ohio, Tennessee ndi kumtunda kwa Mississippi. Ndi yofiirira ngati mkuwa, ili ndi mizere yotsika m'mbali, maso ake amakhala ofiira, ndipo kamwa lake silipitirira diso, kusiyana ndi m'bale wake largemouth bass amene kamwa limadutsa kuseri kwa diso. Yaikulu kwambiri yolembedwa m'mabuku inagwidwa mu 1955 pa damu la Dale Hollow ku America, ndipo inalemera makilogalamu 5.41, koma ya mumtsinje ikafika kilogalamu imodzi ndi theka ndiye kuti mwapha nsomba yabwino. Ku South Africa inalowetsedwa mu 1937, ndipo tsopano ili m'mitsinje ya Olifants, Breede ndi Berg, komanso pa damu la Clanwilliam. Amene muli ku Western Cape, kumeneko ndiko mungayesere zimene zalembedwa apa, mutatenga kaye chiphaso chowedzera m'madzi a kumtunda kwa a CapeNature, bungwe losamalira zachilengedwe kumeneko.

Kuti Aglia igwire ntchito, iyenera kudutsa pomwe nsombayo yabisala. Smallmouth imakonda madzi ozizirira, oyera, apansi pamiyala. Siikhala pakati pa mkokomo chifukwa ingatope pachabe. Imaima kuseri kwa mwala waukulu pamene madzi amazungulira, kapena pamalire a madzi othamanga ndi odekha, pamene pamaoneka kamzere ka thovu. Imapezekanso pamene mathithi athirira m'dziwe, ndi kumchira kwa dziwe pamene madzi ayambanso kuthamanga. Mutu wake umaloza kumtunda nthawi zambiri, kudikira chakudya chobwera ndi madzi. N'chifukwa chake muyenera kuyenda mokwera mtsinje, kuti muiyandikire chakumbuyo. Wotsika ndi madzi amavundula matope amene amafika kwa nsomba iye asanafike.

Ndodo yoyenera ndi yopepuka, yotalika mamita 1.8 mpaka 2.1, ndi reel (kachipangizo kokulungira chingwe) ya saizi 2000 kapena 2500. Chingwe chikhale cha nayiloni chokhuthala mamilimita 0.20 mpaka 0.25, chimene chimapirira makilogalamu 3 kapena 4. Twaini wokhuthala amene timawedzera mlamba sayenera kuno ayi. Nyambo ya magalamu 6 singamukoke patali, ndipo m'madzi oyera nsomba imamuona. Ikani chingwe chodzaza bwino, chotsala mamilimita 2 kuti chifike pamlomo wa chokulungira. Chikachepa, simuponya patali. Chikasefukira, chimatuluka mulu n'kupiringizana.

Kaponyedwe kake n'kofunika kuposa mtundu wa kasupuni. Ponyani modutsa mtsinje, mopendekera pang'ono kumtunda, nyamboyo igwe mita imodzi kapena ziwiri kupitirira mwala umene mukuukayikira. Ikangogwa, tsekani kawaya ka reel ndi dzanja, werengani mpaka kawiri kuti imire pang'ono, kenako gwedezani nsonga ya ndodo kamodzi mwamphamvu kuti kasupuni kadzuke. Mukatero yambani kukulunga. Lamulo ndi limodzi: nyambo iziyenda mofulumira pang'ono kuposa madzi. Mukaponya molunjika kumtunda n'kumakulunga mwaulesi, madzi amakankha nyambo chakumbuyo, kasupuni kamagona pakawaya, ndiye mukungokoka chitsulo chakufa chimene chikukakodwa pansi. Mukaponya chakumunsi, madzi okha amazunguliritsa kasupuni, choncho kulungani pang'onopang'ono kwambiri, mwinanso kungogwira ndodo osakulunga, nyamboyo izidutsa mtsinje yokha ngati ikupalasa uta. Mukafulumira pamenepa imatumphukira pamwamba n'kumadumphadumpha.

Mudzadziwa kuti kasupuni kakuzungulira chifukwa nsonga ya ndodo imanjenjemera ndipo dzanja limamva kulemera pang'ono. Kunjenjemerako kukasiya mwadzidzidzi, pali zinthu ziwiri: mwina ndere kapena tsamba lakola mbedza, mwina nsomba yaitola nyambo ikubwera kwa inu. Kwezani ndodo msanga. Ngati palibe nsomba, bwezani nyambo muichotse zinyalala, chifukwa kandere kamodzi kokha pambedza kamakwanira kuti smallmouth iitsatire n'kubwerera.

Vuto lalikulu la nyambo zamtunduwu, osati Aglia yokha, ndi kupota chingwe. Kasupuni kakamazungulira, thupi lonse limatsatirako pang'ono, ndipo pakatha maola awiri chingwe chimayamba kudzikulunga chokha mukangochimasula. Kenako mfundo zimatuluka pa reel. Mankhwala ake alipo atatu. Mangani swivel yaing'ono (kachitsulo kolumikizira chingwe kamene kamazungulira kokha), makamaka ya timipira m'kati, pamtunda wa masentimita 40 mpaka 50 kuchokera pa nyambo, osati pamphuno pake penipeni, chifukwa pamenepo imalemeretsa mutu n'kusokoneza kasupuni. Musamakulunge nsomba ikamathawa ndi chingwe buleki ya reel ikulira, chifukwa kuzungulira kulikonse kwa chogwirira panthawi imeneyo kumapota chingwe. Ndipo chikapotoka kale, chotsani nyambo ndi swivel, tayirani chingwe chopanda kanthu m'madzi othamanga mamita 30 kapena 40, chisiyeni mphindi zingapo, kenako chikulungeni mukuchipana ndi zala ziwiri. Chimabwerera chowongoka.

Mfundo yomangira ndi ija yolowetsa chingwe padiso, kuchikulunga kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kuchibwezera pakabowo koyandikana ndi diso, kenako pakabowo kakakulu kamene kapangika. Inyowetseni ndi malovu musanaikoke. Mfundo youma imatentha nayiloni ikamakhwima, ndipo imadzaduka pa nsomba yoyamba yamphamvu. Mumtsinje wamiyala, pitsani zala pa theka la mita lakumapeto kwa chingwe kawirikawiri. Mukamva kukhakhala, dulani mumangenso.

Mbedza ya mano atatu ndiyo imadyetsa nyambo zambiri kwa miyala ndi mizu. Nyambo ikakodwa musakoke ndi ndodo, mungaithyole kapena kuzamitsa mbedza. Pitani mbali ina, makamaka kumtunda kwa pamene yakodwa, mukoke chobwerera njira imene inalowera. Zikakanika, limbitsani chingwe, chikokeni ndi chala ngati chingwe cha uta pakati pa reel ndi mphete yoyamba ya ndodo, n'kuchitaya mwadzidzidzi. Kugunda kumeneko nthawi zambiri kumaimasula. Njira yabwino koposa ndi kudula mbedza ya mano atatuyo ndi pulayazi, kuikapo kamphete kotseguka, n'kulumikiza mbedza imodzi ya diso lalikulu. Nsomba zina zidzapulumuka, koma nyambo idzakhalitsa, ndipo kuchotsa mbedza m'kamwa mwa nsomba kumatenga kamphindi chabe. Kamnga kobwerera m'mbuyo ka pambedza kafinyeninso ndi pulayazi ngati nsombayo mukuibwezera m'madzi.

Za mitundu ya kasupuni sitichedwapo. Wasiliva ndi wa madzi oyera dzuwa likuwala, wagolide ndi wa kukachita mitambo kapena madzi akada pang'ono, wamkuwa ndi wa madzi ofiirira ngati tiyi. Nyambo yokhala ndi ubweya pambedza imamira pang'onopang'ono ndipo imaoneka yaikulu, choncho imathandiza pamadzi osazama kwambiri.

Smallmouth ikaluma, kawirikawiri imadzikola yokha, ndiye palibe chifukwa chokoka ngati mukuzula chinangwa. Imadziwika ndi kudumpha m'mwamba ikugwedeza mutu, ndipo apa ndi pamene Aglia imataya nsomba zambiri, chifukwa kulemera kwa thupi la mkuwa kumathandiza nsomba kuiponya kunja. Mukaona chingwe chikukwera kumwamba kwa madzi, tsitsani nsonga ya ndodo chammbali pafupi ndi madzi ndipo musalole chingwe kulendewera. Buleki ya reel ikhale yoti chingwe chizituluka mukachikoka ndi dzanja molimba pang'ono. Mukatha kugwira nsomba iliyonse yang'anani kawaya ka nyambo. Kakapindika ngakhale pang'ono kasupuni kamazungulira modukizadukiza, ndipo mutha kukawongola ndi zala.

Kutentha kwa madzi kumalamula zambiri. Pakati pa madigiri 18 ndi 24 nsombayi imathamangitsa nyambo mokondwa. Madzi akatsika pansi pa madigiri 10 imagona pansi m'madziwe akuya, ndipo kumeneko Aglia siifika. Pamenepo pamafunika nyambo yapulasitiki yofewa yokhala ndi mutu wa mtovu, yokwawitsa pansi ngati nkhanu. Nthawi yoswa, madzi akafika madigiri 15 mpaka 18, yaimuna imalondera chisa pamiyala ing'onoing'ono ndipo imaluma chilichonse chodutsa.

Nanga kwathu kuno? Smallmouth si nsomba ya mitsinje yathu, ndipo pasapezeke munthu woganiza zobweretsa ana ake kudzathira mu Lunyangwa, Kasitu, Luweya kapena South Rukuru. Madzi a mitsinje imeneyi amathera m'nyanja ya Malawi. Ku South Africa nsombayi inadya nsomba zachilengedwe za m'mitsinje ya ku Cederberg mpaka mu 2012 a CapeNature anachita kuthira mankhwala a rotenone mumtsinje wa Rondegat kuti aichotse. Kuno lamulo la za usodzi sililola munthu kulowetsa nsomba zachilendo m'madzi athu mwa iye yekha. Bweretsani nyambo, nsomba isiyeni komweko.

Nyamboyo ili nayo ntchito kuno chifukwa tili ndi nsomba zathu zosaka zinzake m'madzi othamanga. Mpasa ndi sanjika zimachoka m'nyanja kukwera mitsinje kukaswa pamiyala, monga mu Bua ndi North Rukuru, ndipo zimaima m'malo ofanana ndi aja tafotokoza: kuseri kwa mwala, pamzere wa thovu, kumchira kwa dziwe. Kwa sanjika, yomwe ndi yaing'ono, nambala 2 yasiliva ndiyo yoyenera. Mpasa ndi yamphamvu ndipo imafuna nambala 3 ndi chingwe cha mamilimita 0.25. Komatu mpasa yachepa kwambiri ndipo ili m'gulu la nsomba zimene zili pachiopsezo chotha, choncho mbedza imodzi yofinya kamnga ija si nkhani yosankha. Inyowetseni manja musanaigwire, musalowetse zala m'makha mwake, ndipo muibwezere mutu utaloza kumtunda mpaka itadzichokera yokha. Gawo la Bua limene lili m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota simungawedzemo popanda chilolezo cha oyang'anira nkhalangoyo.

Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo mitsinje imakhala yofiira ndi dothi kwa miyezi ingapo. Nthawi imeneyo Aglia isungeni m'bokosi mutenge nyongolotsi. Nyengo yake ndi madzi akayera, kuyambira m'miyezi yozizira mpaka mvula isanagwe, m'mamawa ndi chakumadzulo. Kumunsi kwa mitsinje yolowera kunyanja kuli ng'ona ndi mvuu, ndiye musalowe m'madzi pamalo amene eni mudzi sanakuuzeni kuti ndi abwino. Miyala ya ndere imaterera, valani nsapato zogwira pansi, osati patapata.

Zofanizira za Aglia zilipo zambiri ndipo zimatchipa. Yeniyeni imakhala ndi dzina la Mepps ndi nambala yake zodindidwa pakasupuni, kawaya kake n'kolimba, ndipo mbedza yake imakanda chikhadabo mukaikhudzitsa. Iyeseni musanapite kumtsinje: imangeni pachingwe chachifupi muikoke m'bafa lalikulu lamadzi. Yabwino imayamba kuzungulira isanayende theka la mita. Yofanizira kawirikawiri imafuna liwiro lalikulu kuti idzuke, ndipo mumtsinje liwiro limenelo limaichotsa pamaso pa nsomba isanaganize zoluma. Mukatuma m'bale wochokera ku Joni, muuzeni nambala 3 ziwiri, yasiliva ndi yagolide, nambala 2 yasiliva imodzi, paketi ya ma swivel ang'onoang'ono, timphete totseguka ndi mbedza za diso lalikulu. Mukabwera kowedza, ziumitseni musanatseke bokosi, chifukwa chinyezi cha ku Mzuzu chimachititsa dzimbiri mbedza m'masiku ochepa.