Nkhuku ya msuzi wonona: kirimu, batala ndi tomato, mkaka ndi ufa, kapena nsinjiro?

Njira zinayi izi zonse zimapereka nkhuku ya msuzi wonona. Zimasiyana pa chimene chimalimbitsa msuzi, ndipo chimenecho ndicho chimalamula zina zonse, kaya ndi mtundu wa nkhuku, kukula kwa moto, kapenanso chodyera. Miyezo yonse pano ndi ya nyama yokwana kilogalamu imodzi, yodya anthu anayi kapena asanu.

Yambani mwaona nkhuku imene muli nayo. Broiler amaphedwa ali ndi masabata pafupifupi 6, nyama yake ndi yanthete, ndipo ntchafu zake zimapsa m'mphindi 25 mpaka 30. Ya chikuda imafuna ola limodzi ndi theka, tambala wokalamba mpaka maola awiri. Kirimu ndi mkaka sangapirire moto wa nthawi yaitali chonchi. Choncho ngati nkhuku ndi ya chikuda, iwiritseni payokha ndi mchere ndi anyezi mpaka ifewe, musunge madzi ake, zonona zibwere kumapeto. Pa broiler sankhani ntchafu ndi miyendo. Nganga imauma msanga, ndipo msuzi ngakhale utanona bwanji subweza madzi m'nyama yopsa mopitirira.

Kirimu ndi bowa

Iyi ndiyo yachangu pa zonse, mphindi 40 mwadya, komanso ndiyo yosachedwa kuonongeka. Pukutani ntchafu ziume, thirani mchere supuni yaing'ono imodzi ndi theka. M'chiwaya ikani mafuta ophikira supuni imodzi ndi batala supuni imodzi. Batala payekha amapserera nkhuku isanafiire, chifukwa muli tizigawo ta mkaka timene timada msanga pa moto waukulu. Ikani ntchafu khungu pansi, osazigwedeza kwa mphindi 6 mpaka 8, tembenuzani kwa mphindi 4, kenako chotsani. Tsanulani mafuta ochuluka, musiye okwana masupuni awiri.

Tsopano bowa, magalamu 250 odula. Apa ndi pamene ambiri amafulumira. Bowa amatulutsa madzi ambiri, ndipo mukathira kirimu madziwo asanaphwe, msuzi umakhala wotuwa ndi wamadzimadzi. Dikirani mpaka chiwaya chiume, bowa ayambe kufiira m'mbali. Onjezani anyezi mmodzi ndi adyo wosinja supuni imodzi, adyoyo mphindi imodzi yokha. Thirani msuzi wa nkhuku mamililita 200, palani zomatirira pansi ndi mthiko, bwezerani nyama, vundikirani kwa mphindi 15. Kirimu, mamililita 200 mpaka 250, alowe moto mutachepetsa, ndipo azingotuwira pang'onopang'ono kwa mphindi 5.

Werengani pa paketi musanagule. Kirimu wa mafuta 30 peresenti kapena kuposa amapirira kutentha. Wa mafuta ochepa amagawikana, mafuta n'kuyandama pamwamba, timibulu toyera n'kutsalira pansi. Mandimu amachititsanso zomwezo mukathira msuzi ukuwira, choncho finyirani mutaphula. Ukayamba kugawikana, phulani nthawi yomweyo, thirani kirimu wozizira masupuni awiri, takasani mwamphamvu, kawirikawiri umabwerera. Ngati mukugwiritsa ntchito kyubu ya msuzi wa nkhuku, chepetsani mchere wa poyamba uja, popeza msuzi ukamaphwa mchere umatsala wonse. Nyengo ya dzinja bowa wa kutchire amakoma kuposa wa m'sitolo mu msuzi uwu, bola akhale wa mtundu umene mumaudziwa ndi kuudya kale, ndipo atsukidwe mchenga bwino.

Butter chicken

Chakudyachi ndi cha ku Delhi, ndipo chimatchulidwa limodzi ndi malo odyera a Moti Mahal ku Daryaganj, amene anatsegulidwa ndi anthu ochokera ku Peshawar dziko la India litagawidwa mu 1947. Kwawo amati murgh makhani. Nkhuku yake siphikidwa mu msuzi kuyambira pachiyambi. Imaotchedwa kaye mu uvuni wadothi wotentha kwambiri, kenako n'kulowa mu msuzi wa tomato, batala ndi kirimu. Amene ali ndi mbaula ali pabwino kuposa wa kuka ya magetsi, chifukwa fungo la utsi wa makala ndi mbali ya kukoma kwake.

Chotsani khungu ndi mafupa, dulani nthuli zazikulu. Sakanizani yogati wopanda shuga mamililita 150, madzi a mandimu supuni imodzi, adyo ndi jinja wosinja supuni imodzi chilichonse, garam masala (zokometsera zosakaniza za ku India) supuni yaing'ono imodzi, tsabola waufa monga mumakondera, ndi mchere. Nyama ikhalemo ola limodzi, kapena usiku wonse m'firiji. Chambiko chimagwira ntchito m'malo mwa yogati, koma chisefeni pa nsalu yoyera kwa theka la ola kuti madzi achepe. Pootcha, sasani zopakazo zisadonthe, ndipo otchani pa makala oyaka bwino mpaka m'mbali mude pang'ono. Siyofunika ipse mpaka m'kati, imalizikira mu msuzi. Mukaika m'chiwaya nyama yonse pamodzi ili chinyowere, imawira m'madzi ake ndipo simupezanso kufiira kuja.

Msuzi: batala magalamu 50, adyo ndi jinja pang'ono, tomato wakupsa bwino magalamu 600. Phikani pa moto wapakati kwa mphindi 20 kapena kupitirira, mpaka tomato ade mtundu, mafuta ayambe kuonekera m'mbali mwa poto. Madandaulo ambiri akuti butter chicken yawawasa amachokera pomwepa. Tomato wosaphikidwa mokwanira samveranso kirimu. Mungathire wochuluka bwanji, kuwawasako kumamvekabe pansi pake. Akapsa, gayani kapena kanikizani pa sefa kuti khungu ndi njere zitsale, chifukwa msuzi uwu umafunika kukhala wosalala. Onjezani shuga supuni yaing'ono imodzi, ikani nyama kwa mphindi 10, thirani kirimu mamililita 100, ndipo mutaphula sungunuliranimo batala wozizira magalamu 30. Batala womalizayu ndiye amauwalitsa msuzi.

Zinthu ziwiri sizilowezeka m'malo. Choyamba ndi batala weniweni: majarini apa amangopereka mafuta opanda fungo. Chachiwiri ndi garam masala, amene sali chimodzimodzi ndi ufa wa curry wachikasu wa m'mapaketi. Mukathira umenewo mwaphika chakudya china. Masamba ouma a kasuri methi, supuni imodzi yofikisa m'manja, amabweretsa kafungo kamene mumakamva m'malo odyera a amwenye, ndipo amapezeka m'masitolo ogulitsa zokometsera za ku India.

Poyerekeza ndi ya bowa ija, iyi imadya nthawi yambiri ndi ziwiya zambiri, koma imafuna kirimu wosapitirira theka, ndipo ikagona imakoma kuposa dzulo lake. Ya tsiku la alendo ndi imeneyi.

Mkaka, batala ndi ufa wa tirigu

Kirimu akasowa kapena akadula, njira ndi iyi. Sungunulani batala magalamu 30, thirani ufa wa tirigu magalamu 30, takasani kwa mphindi ziwiri pa moto wochepa kuti fungo la ufa wauwisi lichoke, koma usafiire. Mkaka theka la lita ulowe pang'onopang'ono, kapu yoyamba m'zigawo zitatu, mukutakasa osaleka. Amene amadziwa kupewa mibulu m'phala savutika nazo. Uwire pang'ono kwa mphindi 5, kenako ikani nkhuku yopsa kale.

Pano majarini wa buledi wolimba uja amagwira bwino, mkaka waufa wosungunula umagwiranso, ndipo ufa umateteza mkaka kuti usagawikane. Vuto lake ndi kuzizira m'kamwa. Pa zinayizi uwu ndiwo msuzi wosakoma pawokha, ndipo umafunika kuuthandiza: theka la mkaka lilowedwe m'malo ndi madzi owiritsira nkhuku, muonjezere mpiru wa m'botolo (mustard) supuni yaing'ono imodzi, tsabola wakuda, kapena tchizi wopala dzanja limodzi. Ukazizira umalimba kwambiri, choncho uphuleni ukadali wopyapyala pang'ono. Umayenera nkhuku yotsala ya dzulo, makaroni, kapena kuika m'kati mwa payi. Pa ntchafu zatsopano zokazinga bwino, kirimu amaupambana kutali.

Nsinjiro

Msuzi wa mtedza umapikisana ndi enawa mokwanira, ndipo pa nkhuku ya chikuda umawapambana onse. Mtedza uli ndi mafuta pafupifupi theka la kulemera kwake, ndiye kunona ulinako, ndipo suopa kuwira. Ku Zimbabwe amaphika nkhuku ndi dovi, chimene ndi chiponde, ku Mali ndi ku Senegal ali ndi maafe. Ife tinazolowera kutendera masamba, koma nyama imalandiranso bwino.

Nkhuku ikafewa, kazingani anyezi mmodzi ndi tomato atatu mpaka atapsa, bwezerani nyama ndi makapu awiri a madzi ake. Nsinjiro kapu imodzi zisungunuleni kaye m'madzi ozizira, kenako thirani. Zouma zikagwera m'madzi otentha zimaumbika. Phikani pa moto wochepa kwa mphindi 15 mpaka 20, mukutakasa mpaka pansi, chifukwa mtedza umamatira ndi kupserera mosapereka chizindikiro, ndipo fungo lopsereralo limalowa mphika wonse. Zapsa mafuta akayamba kuonekera pamwamba. Mtedza wokazinga pang'ono musanasinje umapereka msuzi wakuda ndi wonunkhira. Wauwisi umapereka woyera ndi wofatsa, koma umafuna mphindi zonse 20. Chiponde masupuni 4 kapena 5 chimalowa m'malo mwa nsinjiro, chikhale chopanda shuga. Sankhani mtedza musanasinje, mutaye wonyala, wakuda ndi wachuku, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi kuphika.

Funso la chodyera limathetsa mkangano m'makomo ambiri. Nsima imafuna ndiwo ya mchere womveka ndi msuzi wogwira pa mbamu, ndipo nsinjiro zokha ndizo zimachita zimenezi mokwanira. Butter chicken ndi nsima zimayendako chifukwa cha tomato, koma malo ake enieni ndi mpunga wa Kilombero kapena chapati. Msuzi wa kirimu ndi wa mkaka pa nsima umasukuluka. Upatseni mpunga, mbatatesi yophika kapena yokanya.

Pa kupsa, zonse zili ndi lamulo limodzi: pakati pa nyama yokhuthala pafike madigiri 74, kapena mukabaya pafupi ndi fupa patuluke madzi oyera opanda magazi. Zotsala zilowe m'firiji pasanathe maola awiri, zidyedwe m'masiku atatu. Potenthetsa ya kirimu, thirani mkaka masupuni awiri ndi kusunga moto wochepa. Ya nsinjiro imafuna madzi pang'ono chifukwa imalimba ikagona. Ngati mukufuna kusunga butter chicken mu friza, gawani msuzi musanathire kirimu, mudzamuthire tsiku lodya. Kumene magetsi amazimazima, kirimu wokhalitsa wa m'katoni, wolembedwa UHT, amakhala pa shelefu asanatsegulidwe, koma akatsegulidwa amafuna firiji, choncho gulani kakatoni kakang'ono kothera mphika umodzi.